Kungotenthetsa Thupi

Ndinauza aliyense kuti uku n'kungotenthetsa thupi.
Mpikisano weniweni uli kutsogolo, mu Okutobala,
walerowu ndi wa ana, ndinatero:
kusambira pang'ono, kupalasa pang'ono, kenako kuthamanga.
Yelesani anandilemba 27 pamkono ndi inki yakuda
n'kundiyang'ana mimba, osanena kanthu.

Pa damu la Lutembwe, m'mawa wa Juni,
madzi sapereka moni.
Anandigwira pachifuwa
ngati wangongole amene wakupezerera pa msika wa Kapata,
ndipo mpweya wonse ndinaubweza pomwepo.
Ine ndinaphunzira kusambira pa loji,
m'dziwe la mizere yoyera pansi.
Kuno pansi palibe mzere,
ndi mdima wobiriwira wokha, ndi zidendene za anthu.
Chimodzi chinandipeza pamphuno.
Ndinamwa madzi omwe ndimalipira mwezi ndi mwezi,
lero osasefa, aulere.
Chigubu chachikasu chomwe anatiuza kuti tizungulire
chinkasendera kutali ndikangodzutsa mutu.

Nditatuluka, miyendo inali ya munthu wina.
Sokosi inakana phazi lonyowa.
Chisoti ndinachivala chotembenuza,
anandiuza ndi kamtsikana kogulitsa zitumbuwa,
kakuseka ndi dzanja pakamwa.

Njinga ndi yanga, ya magiya khumi ndi awiri,
ngongole yake ikudulidwabe pa malipiro.
Pa chitunda chimene chimayamba ukangowoloka mlatho
ndinamva chinthu chikulira kumbuyo ngati chitseko chakale.
Anali bambo wa makala,
matumba atatu pa kaliyala, patapata kumapazi,
tcheni chouma, giya imodzi.
Sanali mu mpikisano.
"Mwauka bwanji, abwana?"
Ndinatsegula pakamwa, koma mawu anali atatsala m'madzi.
Anandipitirira.
Ndinakakamira kumbuyo kwake
kubisalira mphepo pa makala a munthu,
fumbi lakuda likundigwera pa malaya odula,
mpaka anakhota kulowera ku Mchini
n'kundisiya ndekha ndi magiya anga.

Makilomita asanu otsiriza
ndimawayenda masiku onse, kuchoka ku Kalongwezi kupita kuntchito,
nditanyamula chikwama.
Lero miyendo inkafunabe kuzungulira,
yosadziwa kuti njinga yatsala pansi pa mtengo.
M'nthiti munabaya.
Ndinayamba kuyenda, manja m'chiuno,
ndikuwerenga mabodza oti ndikanene:
bondo, chimfine, chitayala chophwa.

"Musayime, mwendo umazolowera."
Anali a Tisauke, anesi, imvi zili mbuu m'mbali mwa duku,
akuthamanga mwapang'onopang'ono
ngati munthu wopita kukaphula mphika usanapserere.
"Mpaka polo la magetsi ilo basi."
Tinafika.
"Lina ilo."
Mapolo khumi ndi asanu ndi anayi ndinawawerenga,
phiri la Kanjala lili pomwepo, osasuntha, osatiwombera m'manja.
Pa polo lomaliza anati, "Ine ndalowa ntchito masana,"
n'kuwonjezera liwiro.

Pothera, chingwe anali atachikulunga kale.
Yelesani analemba nthawi yanga m'kope la mwana wake,
pansi penipeni pa tsamba,
n'kundipatsa theka la lalanje.
Sindinalawepo lalanje lotero.
Ndinadya ndi zoyera zake zomwe,
nditakhala pa fumbi, madzi a m'damu akutulukabe m'mphuno.

Kunyumba, Msanide anandikweza mkono kuti awone.
Thukuta linali litafuta 2,
patatsala 7 yekha.
"Adadi, munakhala nambala seveni?"
Amake anayima pakhomo ndi beseni la zovala,
akudikira yankho.

Ndinachedwa kuyankha.
Ndinachedwa ndithu.

Lolemba ndinatsika masitepe a ku ofesi chammbali,
nditagwira chitsulo ndi manja awiri.
Okutobala akadali pa kalenda, nditamuzunguliza ndi bolopeni.
Ndikamva tcheni chouma pamsewu
ndimatembenuka,
ndili ndi ngongole ya moni.